Paulo Takashi Nagai, Dotolo wa ku Nagasaki

Pa 1 May 1951, tsiku loyamba la mwezi wa Maria, mumzinda wa Nagasaki ku Japan munamwalira dotolo wina dzina lake Paulo Takashi Nagai, ali ndi zaka 43 zokha. Nthenda imene inamtenga ndi khansa ya m'magazi. Anthu ambiri akamva dzina la mzindawo amafulumira kuganiza kuti dotoloyu anaphedwa ndi bomba lija linagwa kumeneko mu 1945, pakuti bombalo linampezadi ali pantchito, ndipo linamvulaza kwambiri. Koma si momwemo ai. Pamene bomba linali kugwa, Nagai anali atadziwa kale kwa miyezi iwiri kuti imfa ili m'magazi mwake, ndipo anali kudziwanso kumene inachokera: ku makina a X-ray amene iye anali kupimira nawo odwala kuyambira mu 1932.

Anabadwa pa 3 February 1908 ku Matsue, m'chigawo cha Shimane, nakulira kumudzi, ku mapiri a ku Mitoya. Agogo ake anali sing'anga wa mankhwala a zitsamba, atate ake anali dotolo wa mankhwala a chizungu, kotero palibe anadabwa pamene mwanayo analowa sukulu ya udotolo ku Nagasaki mu 1928. Kwao anali kutsata chipembedzo cha makolo chotchedwa Shinto, koma mnyamatayu pofika ku sukulu yaikulu anali atasiya zonsezo. Kwa iye munthu anali mnofu ndi mafupa basi, ndipo za mzimu anali kuziyesa nthano za nkhalamba. Mu 1930 anaitanidwa msanga kwao chifukwa amai ake anali atagwa ndi nthenda ya kutaya magazi m'ubongo. Anawapeza akupumabe, koma osatha kulankhula. Amaiwo anamyang'anitsitsa m'maso kanthawi, natsirizika. Maso amenewo sanamchoke m'mtima, ndipo anayamba kukayika ngati munthu amene wayang'ana mwana wake motero angathe kungozimirira ngati utsi. Masiku omwewo anali kuwerenga buku la Blaise Pascal, Mfalansa uja anali katswiri wa masamu komanso munthu wa mapemphero, ndipo anafuna kuona ndi maso ake m'mene anthu opemphera amakhalira.

Sanavutike kuwapeza. Kumpoto kwa mzinda wa Nagasaki kuli dera lotchedwa Urakami, kumene kunali Akatolika ambiri. Makolo a anthu amenewa anasunga chikhulupiriro mobisa kwa zaka pafupifupi 250, wopanda wansembe ngakhale mmodzi, pamene boma linali kupha aliyense wopezeka ali mkhristu. Anali ndi akulu awo osunga masiku a zikondwerero za Eklezia, ndi ena obatiza ana, ndi ena ofalitsa mau m'makomo. Ntchito imene aphunzitsi a m'midzi angaizindikire msanga. Mu 1931 Nagai anapempha malo ogona kwa banja la a Moriyama, limene makolo ake ndiwo anali kusunga masiku aja kwa mibadwo isanu ndi iwiri. Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, Midori, mphunzitsi wa sukulu.

Mu 1932, atangotsiriza maphunziro, anavumbwa ndi mvula usiku pochokera ku phwando, nagona ndi zovala zonyowa, ndipo anadwala nthenda yaikulu imene inamsiya wogontha khutu la kumanja. Tsono dotolo wosamva bwino sangathe kumvetsera m'chifuwa mwa wodwala, ndipo Nagai anayenera kufuna ntchito ina m'chipatala momwemo. Anatumizidwa ku chipinda cha X-ray, kumene madotolo ambiri sanali kukufuna, ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Cheza chimenechi, chimene Wilhelm Röntgen anachitulukira ku Germany mu 1895, chimapyola mnofu ndi kuonetsa mafupa ndi mapapo, koma sichioneka, sichitentha pochilandira, sichinunkha. Oyamba kuchigwiritsa ntchito anali kuika manja awo pamakina tsiku ndi tsiku, ndipo patapita zaka khungu linali kusanduka zilonda zosapola, zala ndi kudulidwa chimodzi chimodzi, mpaka khansa kuwatsiriza. Marie Curie, mai uja anatulukira radium, anamwalira mu 1934 magazi ake atawonongeka. Mu 1936 ku Hamburg anaimika mwala wolembedwa maina oposa 150 a madotolo, anamwino ndi amisiri a maiko osiyanasiyana amene anafa ndi ntchito imeneyi. Nagai analowa m'chipindacho akudziwa kuti ena anatulukamo ali mitembo.

Usiku wa Khrisimasi wa chaka chomwecho a Moriyama anamtenga kupita naye ku Misa m'tchalitchi chachikulu cha Urakami, chimene akhristu osauka aja anachimanga ndi njerwa kwa zaka makumi atatu. Usiku wotsatira Midori anagwidwa ndi nthenda ya m'matumbo yofunika opareshoni yamsanga, ndipo Nagai anambereka kumbuyo nathamanga naye ku chipatala m'chisanu choopsa, mtsikanayo anapulumuka. Mu 1933 analembedwa usilikali natumizidwa ku Manchuria, ndipo m'katundu amene Midori anamtumizira munali katekisimu. Atabwerako anabatizidwa mu June 1934, natenga dzina la Paulo pokumbukira Paulo Miki woyera, amene anapachikidwa pamtanda ku Nagasaki komweko mu 1597. Mu August anakwatira Midori. Anabereka ana anai, koma awiri anamwalira ali aang'ono. Otsala ndiwo Makoto, mnyamata, ndi Kayano, mtsikana. Nagai analowanso m'bungwe la Vinsenti wa Paulo woyera, ndipo Lamulungu lambiri anali kuyenda m'midzi kukapima osauka kwaulere. Pa zaka zomwezo anaonana kangapo ndi Bambo Maximilian Kolbe, amene anali atamanga nyumba ya Afransisko m'mphepete mwa mzindawo.

Kuyambira mu 1937 kufikira mu 1940 analinso ku nkhondo ku China monga dotolo wa asilikali. Pobwera anapeza chifuwa chachikulu chili kusesa anthu m'Japan, pakuti njala ndi kuthithikana m'mafakitale ndi chakudya cha nthendayi. Njira yoigwira isanakule inali kupima anthu ambirimbiri ndi X-ray. Tsono pali njira ziwiri zopimira. Yoyamba ndi kujambula chifuwa pa filimu: makina amayaka kamphindi kochepa, wojambula ali patali, ndipo chithunzi amachiona pambuyo pake. Yachiwiri ndi kuimika wodwala pakati pa makina ndi galasi lowala, dotolo ndi kukhala m'mdima kutsogolo kwa galasilo, akuyang'ana mapapo pamene makina ali chiyakire. Pa njira yachiwiriyi cheza chimene chapyola wodwala chimafika kwa dotolo. Wodwala amaima pamenepo kamodzi nabwerera kwao, koma dotolo amakhalapo tsiku lonse, mawa lakenso chimodzimodzi. Nkhondo itakula mafilimu anasowa m'dziko lonse, ndipo Nagai anatsala ndi kusankha pakati pa kuleka kupima ndi kupima ndi maso. Anasankha kupima ndi maso, ndipo anachita zimenezi kwa zaka zingapo.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha cheza, chimene pa nthawiyo chinali kudziwika pang'ono chabe. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo lililonse muli malangizo ouza selolo nthawi yogawikana ndi nthawi yoleka. Cheza popyola chimadula malangizo amenewa. Kawirikawiri thupi limalumikiza podukapo, kapena selo lowonongekalo limafa, nkhani ndi kuthera pomwepo. Koma nthawi zina palumikizika molakwika, selo ndi kukhala ndi moyo, nilibereka anzake olakwika chimodzimodzi, mwakachetechete, kwa zaka. Mafuta a m'kati mwa mafupa, m'mene magazi amapangidwira, ndiwo amodzi mwa malo osachedwa kupwetekedwa motere. Mu 1944 ku America kunali kutaoneka kale kuti madotolo a X-ray anali kufa ndi khansa ya m'magazi kuposa madotolo anzawo kangapo konse.

Mu June 1945 Nagai, atatopa ndi kuonda, mimba itayamba kutupa ku mbali ya kumanzere, analola anzake kumpima. Kapamba anali atakula koopsa. M'kadontho ka magazi m'mene mwa munthu wolimba mumapezeka maselo oyera osapitirira 10,000, mwa iye munapezeka 108,000. Anamuuza kuti watsala ndi zaka zitatu. Madzulo anafotokozera mkazi wake. Midori anamva zonse osadula mau, napita kukagwada patsogolo pa mtanda wakale wa makolo ake, napemphera nthawi yaitali, ndipo podzuka anamlimbitsa mtima mwamuna wake. Iye anakhazikika, poganiza kuti ana adzatsala m'manja abwino. M'mawa wa pa 8 August anatsazika kupita ku ntchito, koma panjira anakumbuka kuti waiwala kamba wake. Pobwerera anapeza mkazi uja anali atamperekeza ndi kumwetulira ali chigonere pansi, akulira yekha. Usikuwo Nagai anagona ku chipatala pa ulonda, ndipo sanaonanenso.

Pa 9 August, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, bomba la atomu linaphulika m'mwamba pamwamba pa Urakami. Nagai anali m'chipinda chake m'chipatala cha sukulu ya udotolo, mtunda wosakwana theka la mailosi kuchokera pamene linaphulikira, ali kusankha zithunzi zophunzitsira. Zipupa za simenti zinamtchinjiriza ku moto, koma magalasi anamdula mtsempha pafupi ndi khutu la kumanja. Anamanga chilondacho ndi nsalu, nasonkhanitsa anamwino ndi ophunzira otsala, nayamba kutulutsa ovulala m'nyumba imene inali kuyaka, mpaka anakomoka chifukwa cha kutaya magazi. Sukuluyo inataya aphunzitsi, ophunzira ndi antchito oposa 850. Mwa akhristu 12,000 a ku Urakami anafa pafupifupi 8,500, ndipo pofika kumapeto a chakacho akufa mumzinda wonse anali ngati 74,000. Pa tsiku lachitatu ndi pamene anatha kupita kunyumba kwake. Pamalo pamene panali khitchini anapeza mafupa ochepa opserera, ndipo pambali pake panali korona wa Midori, mikanda itasungunuka. Anatola mafupawo m'ndowa napita nawo kumanda. Munthu amene anali kukonzekera kusiya mkazi wamasiye anatsala iye wamasiye.

Ana ake awiri anapulumuka chifukwa anali kwa agogo awo m'chigwa cha Mitsuyama, kuseri kwa mapiri. Kumeneko Nagai anapita ndi kagulu kake ka anamwino, ndipo kwa miyezi iwiri anayenda nyumba ndi nyumba akusamala ovulala oposa 100, wopanda mankhwala okwanira, nthawi zina akutsuka zilonda za moto ndi madzi a pakasupe. Mwa madotolo onse amene anali pamenepo, ndi ochepa amene anali kumvetsa zimene anali kuona monga iye. Anthu amene anatuluka m'moto opanda bala anali kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba; ena patapita milungu iwiri kapena itatu tsitsi linali kusosoka, nkhama kukha magazi, thupi kutuluka mawanga akuda, maselo oyera kutha m'magazi, ndipo anali kufa. Iye anazindikira kuti chimene makina ake anamchita pang'onopang'ono pa zaka zambiri, bomba linachita pa anthu zikwizikwi m'kuphethira kwa diso. Analemba zonse: munthu anali patali bwanji, anali m'nyumba yotani, nthenda inayamba tsiku liti, inatha bwanji. Mu October anapereka zolembazo kwa mkulu wa sukulu, ndipo ndi zina mwa zolemba zoyamba za dotolo pa nthenda ya bomba la atomu. Pakati pa ntchitoyi, mu September, chilonda chake chinatsegukanso ndipo anzake anataya mtima. Magazi atasiya, iye mwini anakhulupirira kuti wapulumuka chifukwa cha mapemphero a Bambo Kolbe.

Kunali mphekesera yakuti pa Urakami sipadzamera kanthu kwa zaka 70. Nagai anayang'ana nyerere ndi nyongolotsi zimene zinali kubwerera m'nthaka, namanga kachisakasa pa bwinja la nyumba yake, kuti thupi lake lomwe likhale choyesera. Pa 23 November 1945, pa Misa ya akufa pabwalo la tchalitchi chogumuka, anapemphedwa kulankhula m'malo mwa akhristu eni ake, ndipo anafanizira akufa a ku Urakami ndi nsembe yopsereza imene inatsekera nkhondo. Ena anatonthozedwa, ena anapsa mtima pomwepo, ndipo mpaka lero alipo amene amati mau otero amapeputsa mlandu wa amene anayambitsa nkhondo ndi amene anaponya bomba. Madandaulo amenewo ali ndi pogwira. Chokha chofunika kukumbukira ndi chakuti wolankhulayo anali ataika yekha mafupa a mkazi wake m'manda, ndipo anali kulankhula kwa anthu amene anansi awo ena anali kuwanena kuti alangidwa chifukwa cha chipembedzo chawo.

Mu July 1946 anagwa pa siteshoni ya sitima, ndipo pasanapite nthawi anakhala wa pamphasa. Mu 1948 abale a bungwe la Vinsenti wa Paulo anammangira kanyumba ka matabwa ka chipinda chimodzi, kokwana mphasa ziwiri basi. Anakatcha Nyokodo, dzina lotengedwa pa lamulo lija la kukonda mnzako monga iwe mwini. M'menemo anali kulemba chagada, pepala litapanikizidwa pa thabwa pamwamba pa nkhope yake, pofuna kusiyira ana ake chakudya ndi malangizo, ndipo anapitiriza kulemba m'mene nthenda yake inali kuyendera, ngati kuti ndi ya munthu wina. Buku lake lotchuka, Nagasaki no Kane, ndiye kuti Mabelu a ku Nagasaki, linatha mu 1946, koma Aamerika amene anali kulamulira dzikolo analiletsa kufikira mu 1949. Ndalama za mphatso ina anagulira mitengo ya maluwa 1,000 yobzala pa mabwinja a Urakami. Helen Keller anadzamuona m'kanyumbako mu 1948. Mu 1949 anaonana ndi Mfumu Hirohito, ndiponso ndi Kadinala Gilroy wa ku Sydney, nthumwi ya Papa Pius XII. Zaka zitatu zija zinasanduka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Atamwalira, thupi lake linapimidwa pa sukulu yake monga anafunira, ndipo kapamba anapezeka wolemera makilogalamu oposa atatu. Pa maliro ake panasonkhana anthu ngati 20,000.

Zaka zimene Nagai anali kutsirizika ndi zomwezo pamene nthenda yake inali kufika pachimake pakati pa opulumuka ku bomba. Dotolo Takuso Yamawaki wa ku Hiroshima ndiye anayamba kuona kuti odwala khansa ya m'magazi achuluka modabwitsa, ndipo mu 1952 iye ndi madotolo awiri a ku America anatsimikiza zimenezi ndi chiwerengero. Nthendayi inayamba kuoneka patapita zaka ziwiri kapena zitatu, nikula kwambiri pakati pa chaka chachisanu ndi chimodzi ndi chachisanu ndi chitatu, makamaka mwa ana. Mmodzi mwa anawo ndi Sadako Sasaki wa ku Hiroshima, amene anali ndi zaka ziwiri pa tsiku la bomba, nakula wamphamvu ndi waliwiro, namwalira mu 1955 ali ndi zaka 12.

Khansa yobwera ndi cheza ilibe chizindikiro chake. Poiyang'ana siisiyana ndi khansa ina iliyonse. Njira yokha yodziwira mlandu wa cheza ndi kuwerenga anthu ambiri kwa zaka zambiri, ndi kuyerekeza amene analandira chochuluka ndi amene analandira chochepa kapena sanalandire konse. Bungwe la Atomic Bomb Casualty Commission, limene Aamerika analikhazikitsa mu 1947, linasankha anthu pafupifupi 120,000 a m'mizinda iwiriyo, kuchokera pa kalembera wa mu 1950, kuti liwatsate mpaka imfa. Ambiri anafunsidwa mafunso onga aja Nagai anali kufunsa ku Mitsuyama: anali pati, anayang'ana kuti, chinamtchinga nchiyani. Anafika pomanga nyumba za Chijapani m'chipululu cha Nevada kuti ayese kuchuluka kwa cheza chimene denga ndi zipupa zotere zimatchinga. Opulumuka ambiri anali kudana nalo bungweli, pakuti linali kuwapima koma osawachiza, ndipo anali kudziona ngati nyama zoyeserapo. Mu 1975 ntchitoyi inaperekedwa ku bungwe latsopano la Radiation Effects Research Foundation, loyendetsedwa ndi maiko awiriwo pamodzi.

Zimene anapeza ndi izi. Pakati pa 1950 ndi 2000, mwa anthu pafupifupi 49,000 amene analandirako cheza, 204 anafa ndi khansa ya m'magazi, ndipo mwa amenewa 94 akuwerengedwa kuti anafa chifukwa cha bomba. Khansa za m'mimba, m'mapapo, m'mawere, pakhosi ndi zina zinachedwa: zinayamba kuchuluka patapita zaka ngati 10, ndipo sizinalekenso. Pakati pa 1958 ndi 1998 zinapezeka 7,851 mwa anthu 44,635, ndipo pafupifupi 850 mwa izo, ndiye kuti imodzi pa khumi, zinadza ndi cheza. Chiwerengero chimenechi ndi chochepa poyerekeza ndi mantha a mu 1945, koma chimaonetsa poyera kuti ngozi imakula monga mwa kuchuluka kwa cheza, kuti imaposa mwa amene anachilandira ali ana, ndi kuti munthu amayenda nayo moyo wake wonse. Panalinso nkhani yotonthoza. Achinyamata ambiri opulumuka anali kukanidwa ukwati poopa kuti adzabereka ana opunduka, koma mwa makanda oposa 70,000 amene anapimidwa pakati pa 1948 ndi 1954 simunaoneke kuchuluka kwa zilema.

Malamulo amene amateteza antchito a X-ray m'zipatala za dziko lonse la pansi atsamira kwambiri pa chiwerengero cha anthu a ku Hiroshima ndi ku Nagasaki amenewa. Ndicho chifukwa chake wojambula amabisala kuseri kwa chipupa, amavala chovala cha mtovu, amanyamula kachipangizo koyesa cheza chimene walandira, ndipo amafunsa mai ngati ali ndi pakati asanayatse makina. Mtundu wa khansa umene unapha Nagai unadziwika gwero lake mu 1960, pamene anapeza polakwika m'malangizo aja a m'maselo, ndipo kuyambira mu 2001 pali mankhwala akumwa amene amasunga odwala ambiri ndi moyo zaka zochuluka.

Nagai anaikidwa pamodzi ndi Midori m'manda a ku Sakamoto. Makoto anamwalira mu 2001, Kayano mu 2008. Kanyumba ka Nyokodo kalipobe pamalo pake, ndipo tchalitchi cha Urakami chinamangidwanso mu 1959.